Kaseti Imene Achimwene Ankadikira

Mwana wanga wamwamuna wandisokosa sabata yonse ino. Akuti makampani opanga magemu ali ndi tsiku lawo limene amaitana atolankhani n'kulengeza zimene atulutse, ndipo chaka chino kuli mphekesera yoti magemu akalekale awapanganso mwatsopano. Akudya foni ili m'manja. Dzulo anandifunsa ngati ndikudziwa n'komwe kuti gemu n'chiyani, ndipo ndinamukalipira mopyola muyeso, mpaka mwanayo anadabwa. Sindinamuuze chifukwa chake. Misonkhano ya atolankhani ya magemu ine ndinakhalapo iye asanabadwe, pakhonde la nyumba yathu ku Mitundu, ndipo sindiikumbukira mokondwa.

Zinali zaka zoyambirira za matipate. Ndinali sitandade seveni, kamtsikana kouma miyendo, kosachedwa kupsa mtima. Achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anali atangobwera kuchokera ku Joni kumene anakhala zaka zinayi akugwira ntchito m'sitolo. Anabwera ndi wailesi ya makaseti, jekete lachikopa, kakanema kakang'ono kosaonetsa mitundu, ndi chinthu china chimene m'mudzi mwathu tinali tisanachionepo: kabokosi kotuwa, zogwirira ziwiri za mawaya, ndi kaseti imodzi yachikasu yolowetsa pamwamba. Iwo ankati gemu. Anabweranso ndi chifuwa chimene sichinkamva mankhwala.

Magetsi kwathu kunalibe. Zonsezi zinkayendera batire ya galimoto imene abambo ankakatchajitsa kwa owotcherera zitsulo kumsika. Kanemayo analibe ntchito ina, pakuti nthawi imeneyo dziko lino linalibe nyumba youlutsira zithunzi. Ukalumikiza mawaya n'kuyatsa, pamatuluka kamunthu kakafupi kothamangira kumanja, kulumpha maenje ndi tizilombo, kanyimbo kake kakulira ngati nkhululu. Basi, zinali zomwezo. Koma ana a m'mudzi monse ankadzaza pakhomo pathu kuyambira poweruka kusukulu mpaka batire itafooka, ndipo achimwene sankalipiritsa munthu. Anyamata ankati atsikana sagwira gemu. Ine ndinali mlongo wa mwini wake, ndipo ndinkawaposa onse, moti ankangoyang'ana kumbali ndikamadutsa malo amene iwo ankagwerapo tsiku lililonse.

M'thumba la jekete lija munali pepala lopindapinda, long'ambidwa m'magazini ya Chingerezi. Achimwene ankati pepalalo likunena kuti eni ake a gemu ija, kutsidya kwa nyanja, aipanganso yomwe ija koma mwatsopano, yokongola kuposa yoyamba. Anapita kwa abambo ena a sitolo pamsika, Msilamu wa ndevu zoyera amene ankagulitsa nsalu, nyale ndi mabatire a wailesi. Mphwawo wa abambowa ankayendetsa lole yopita ku Joni. Anagwirizana kuti akadzapitanso adzaifunefune kaseti yatsopanoyo n'kubwera nayo.

Kudikira kunayambira pamenepo.

Masiku amenewo wailesi inkangokhalira misonkhano ya atolankhani. Chipani chilichonse chatsopano, ngakhale cha anthu okwana m'minibasi imodzi, chinkaitana atolankhani n'kulonjeza zakumwamba. Achimwene, amene anali munthu wanthabwala chibadwire, anatengera zomwezo. Loweruka lililonse akabwerako kusitolo kukafunsa za lole, ankatulutsa mpando wandalema pakhonde, kuvala jekete ngakhale kukutentha, n'kugwira chitsononkho pakamwa. Ife tinkakhala pansi. Wofuna kufunsa ankaimika mkono n'kutchula nyuzipepala imene wachokera, ndipo tinkapeka maina opusa, wina ya agalu a kumsika, wina ya osoka fodya.

"Atolankhani nonse, takulandirani," ankayamba choncho, nkhope ili gwa. "Boma langa likufuna kukutsimikizirani kuti kaseti ili m'njira."

"Ifika liti, bwana?"

"Posachedwapa. Funso lina."

"Muli chiyani m'kaseti yatsopanoyo?"

Apa ndiye ankakhala tsonga. Loweruka loyamba anati muli mitundu, udzu wobiriwira ndi thambo lenileni. Mnyamata wina anafunsa kuti tidzaiona bwanji mitunduyo pakanema wotuwa. Achimwene anati utoto wake ndi wamphamvu, udzalowa wokha. Tinaseka, koma tinakhulupirira. Loweruka lotsatira anati kamunthu kaja kadzayankhula. Kenako anati kadzasambira, kenako kadzakwera njinga. Pambuyo pake anati gemuyo idzakumbukira pamene walekezera, ngakhale batire ithe, mawa udzayambira pomwepo. Imeneyi inatigwira mtima kwambiri, chifukwa batire yathu inali ndi khalidwe lothera pamalo pokoma.

Ndinkasangalala nayo misonkhano ija, sindikana. Koma ine ndinkakhala nawo nyumba imodzi, ndipo ndinkaona zimene anzanga sankaona. Jekete linkakula sabata iliyonse. Lamba anabooledwa kawiri ndi msomali. Akamaliza msonkhano ankalowa m'nyumba n'kugona mpaka madzulo, thukuta lili kamukamu. Ndipo m'mene thupi linkachepa, malonjezo ankakula. Tsiku lina ali kubafa ndinasolola pepala lija m'thumba. Linali theka la tsamba chabe. Chingerezi changa cha sitandade seveni chinandithandiza pang'ono: ndinazindikira mawu oti chatsopano, ndi oti mitundu. Mawu oti njinga ndinkawadziwa bwino, ndipo ndinawafunafuna kawiri osawapeza. Ndinalipinda m'mene linalili n'kulibweza, ndipo sindinauze munthu.

Miyezi inapita. Fodya anasokedwa, anapita ku okushoni, anthu anadya ndalama zawo n'kutha, lole osabwera nayo kaseti. Ana anayamba kutopa. Achimwene anawapatsa dzina loti aphungu, ndipo akamadutsa pang'onopang'ono kupita kumsika, wina ankakuwa ali kuseri kwa chigafa, "Aphungu, mlatho uja bwa?" Iwo ankangokweza dzanja ngati pamsonkhano. Nkhani inafika ndi kwa akuluakulu. Amayi anabwera kuchokera kumjigo tsiku lina ndowa ili theka, n'kulowa m'nyumba. Pambuyo pake ndinamva akuuza abambo kuti azimayi akuseka, ati mwana wawo anapita ku Joni kukaphunzira bodza, ndiye ngati akunamiza ana pa zamasewera, za matenda akewo akunena zoona ngati? Amayi anali munthu wosadziwa kukangana. Mawu akawalasa ankangowasunga.

Ine ndinali wosiyana nawo. Kusukulu mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, amene anadya nawo gemu yathu miyezi yonseyo, anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Achimwene ako ndi abodza ngati andale. N'chifukwa chake akuuma." Sindikumbukira kuti ndinamufika bwanji. Ndimangokumbukira kukoma kwa mchere m'kamwa nditamuluma paphewa, ndi aphunzitsi awiri akundikoka. Ndinakwapulidwa, ndinakumba dzenje la zinyalala, ndipo sindinapepese. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha padziko: kaseti ija ifike, iyatsidwe anthu akuona, aliyense amene anati achimwene ndi abodza atseke pakamwa. Ndinkaifuna kuposa m'mene ndinkafunira kuti achire, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Kenako ana analekeratu kubwera. Ena anatopa, ena makolo anawaletsa kugwira zogwirira zimene wodwala wagwira. Achimwene sankathanso kuyenda mpaka kumsika, ndiye ankandituma ine. Abambo a sitolo aja akandiona ndikubwera ankayamba kukonza nsalu zimene zinali zokonzakonza kale.

"Lole sinabwere, mwanawe. Uwauze apirire."

Loweruka lina achimwene anandiuza kuti nditulutse mpando. Ndinawauza kuti kunja kulibe munthu. Anati mtolankhani mmodzi ndi wokwanira. Ndinawagwira mkono mpaka pakhonde, ndinawaveka jekete, ndinawapatsa chitsononkho, n'kukhala pansi ndekha pabwalo lonse lija, nkhuku zikundizungulira. Analengeza kuti m'kaseti yatsopano anthu anayi adzatha kusewera nthawi imodzi. Zogwirira zinali ziwiri. Ndinaimika mkono.

"Achimwene, zimenezi n'zoona?"

"Nyuzipepala yanji imeneyo?"

"Sindikuseka ine. N'zoona kapena mukungonena?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso awo anali atakula kwambiri masiku amenewo.

"Mtolankhani uyu ndi wamwano," anatero potsiriza. "Udzaona wekha, chemwali. Tandilowetsa m'nyumba, kukuzizira."

Umenewo unali msonkhano womaliza. Mvula itayamba, amalume anabwera kuchokera ku Nathenje, kwawo kwa amayi, n'kunena kuti wodwala wafika pamenepa ayenera kukakhala pakati pa eni ake. Amayi anali atatengedwa chitengwa kubwera ku Mitundu, koma ife ana tinali a ku Nathenje, ndipo abambo sanatsutse. Anawanyamula pa galimoto ya matola, amayi atawapakata. Patatha masabata atatu uthenga unabwera.

Za maliro sindinena zambiri. Ndinena za tsiku la kumeta, pamene anagawa katundu.

Mwambo wake ndi woti zonse za malemu zimayalidwa pamphasa, ndipo mwini mbumba amagawira nyumba iliyonse ya pachibale kanthu, kuti pasapezeke wonena kuti anamanidwa chikumbutso. Abambo anali atabweretsa zonse kuchokera ku Mitundu, osasiya ndi supuni yomwe, kuopa kunenedwa. Amalume anakhala pampando, akuluakulu m'mbali mwawo, ife ana kumbuyo kwa azimayi. Jekete linapita, nsapato zinapita, wailesi inapita. Kenako anafika pa gemu. Amalume anaitembenuza uku ndi uku, n'kuyamba kuzula mawaya mmodzimmodzi, chilichonse kuchiika pachokha pamphasa. Anawerenga zidutswazo, anawerenga nyumba zimene zinali zisanalandire, ndipo nkhope yawo inamasuka poona kuti zikukwanira.

Kanema anakhala wa amalume. Kabokosi kanapita kwa mayi aang'ono. Chogwirira chimodzi kwa msuweni wa nyumba iyi, china kwa wa nyumba iyo. Mawaya anapatsidwa kwa agogo aamuna. Kaseti yachikasu inatsatira wailesi kwa azakhali a ku Malingunde, ndipo batire anati ibwerere ndi abambo, kuchimuna nakonso kusadandaule.

Ndinapezeka nditaimirira.

"Amalume, chimenecho n'chinthu chimodzi! Mukachigawa sichigwiranso ntchito!"

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Mwana wamkazi, mutu wongometedwa kumene, kuyankhula pakati pa akuluakulu pa tsiku lotero. Amayi anandikoka chitenje mpaka ndinagwa chokhala, n'kunditsina pantchafu mwamphamvu. Amalume sanakalipe. Anangoti, "Mwanayu akulira mlongo wake, musiyeni," n'kupitiriza kugawa mabulangete.

Ndakhala ndikuwakwiyira amalume zaka zambiri, koma chilungamo chake n'chakuti sanali munthu wadyera. Akanakhala adyera bwenzi atatenga zonse okha, zinthu n'kukhala pamodzi. Chimene chinaipha gemu ija ndi kusakondera kwawo.

Amayi anatsalira ku Nathenje, ati akhaleko mpaka mtima utsike. Ine ndi abambo tinabwerera ku Mitundu ndi batire, imene abambo anailumikiza ku kawailesi kawo. Nyumba inali yaikulu kwambiri kwa anthu awiri. Kusukulu ana ankandipewa, ena chifukwa cha chisoni, ena poopa mano anga.

Patapita miyezi iwiri, ndikudutsa pamsika kuchokera kuchigayo, abambo a sitolo aja anandikodola. Analowa kuseri n'kutuluka ndi kajumbo. M'kati munali kaseti yachikasu, yatsopano, pamwamba pake atamata chithunzi cha kamunthu kaja kali ndi mitundu yowala, kumbuyo kwake thambo ndi mapiri.

"Yafika mochedwa, mwanawe. Pepa. Malemu anali munthu wabwino."

Sanandiyang'ane m'maso. Kajumboko kanali ka sitolo ina ya ku Lilongwe, osati ya ku Joni, ndipo ndinaona zimenezo pomwepo. Mwina mphwawo anangosintha jumbo panjira. Mwina abambowo chikumbumtima chinawavuta maliro atachitika, n'kukagula iliyonse imene anaipeza m'tauni. Sindinafunse. Ndinagwada, ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthamanga ufa ukutayika m'njira.

Mawa lake ndinapita nayo kusukulu n'kuiika padesiki pa mnyamata ndinamuluma uja. Anaitembenuza, anayang'ana chithunzi, ndipo kwa kanthawi ndinaona kuti wagwidwa nayo.

"Ndiye tikayatse," anatero.

Ndinalibe poyatsira. Iye ankadziwa, kalasi yonse inkadziwa. Anaibweza akumwetulira.

"Chithunzi ndi chithunzi, aise. Ngakhale pachitini cha nsomba amajambulapo nsomba yamoyo."

Sindinamumenye. Ndinaona kuti wanena zoona, ndipo zinandipweteka kuposa chipongwe chija.

Tchuthi chitafika ndinawauza abambo kuti ndikufuna kupita ku Nathenje, ndipo ndikufuna batire. Abambo anali munthu wa mawu ochepa, ndipo gemu ija sanaiyang'anepo ngakhale tsiku limodzi, ankati imawazunguza mutu.

"Batire ya chiyani?"

"Kaseti ya achimwene yafika. Zina zonse zili kumeneko."

"Zinagawidwa zimene zija. Si zathunso."

"Ndikabwereka. Tsiku limodzi lokha."

Anapitiriza kusenda chinangwa. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. M'mawa mwake ndinawapeza akumanga batire pakaliyala ya njinga ndi malamba a chubu, atakaitchajitsa kale dzulo lake osandiuza. Tinadzera njira zachidule za m'midzi, ine nditakhala pamtanda wa njinga, pokwera tikutsika n'kumakankha. Madzi a batire ankadontha pa mabampu, ndipo pofika chitenje changa chinali ndi timabowo ngati chadyedwa ndi njenjete. Tinafika dzuwa litapendeka, matako atafa dzanzi.

Amayi ndinawapeza atachepa, ali duu pakhonde la agogo. Anakondwa kutiona, koma nditawauza chimene ndabwerera anangoti, "Iwe ndi zinthu zakozo," n'kuyang'ana kumbali.

Kusonkhanitsa zidutswa kunanditengera m'mawa wonse wa tsiku lotsatira. Amalume sanavute. Kanema anali pakabati atafunditsidwa nsalu, sanayakepo chilandirireni, ndipo anavomera kuti zonse zichitikire m'nyumba mwawo, pokhapokha chilichonse chibwerere kwa mwini wake dzuwa lisanalowe. Mayi aang'ono ndiwo anandivuta. Kabokosi anakaika pashelefu, pamwamba pake kansalu koluka ndi maluwa apulasitiki.

"Zinthu za malemu zikagawidwa sazibwezanso pamodzi," anatero. "Ukufuna kumuitana kapena?"

"Ndikungofuna kuona kaseti yawo, amayi."

"Akayamba kutilotetsa udzabwera kudzagona kuno iweyo?"

Ndinagwada pakhomo pawo osachoka mpaka anatopa nane. Anandipatsa atakakulunga m'chitenje, osafuna kukagwira ndi manja. Msuweni woyamba anali atadula waya wa chogwirira chake n'kutcherera mbewa, ndipo nditamufunsa anati chinali chake, angachite nacho chimene akufuna. Wachiwiri anali atasunga chake bwinobwino m'chikwama cha sukulu. Mawaya ndinawapeza kwa agogo, wina atamangira chitseko cha khola la nkhunda. Abambo anausenda ndi mpeni n'kuupotanso, ndipo anagwira ntchitoyo mosamala ngati akusoka bala.

Masana tinatchinga zenera la amalume ndi bulangete. M'nyumba munadzaza asuweni, ana a oyandikana nawo, amalume pampando wawo, ngakhale mayi aang'ono anaima pakhomo mwendo umodzi uli kunja. Onsewa anali atamva kuti malemu ankalonjeza kaseti yodabwitsa, chifukwa ngakhale ali gone kumeneko sanaleke kuikamba, ndipo ena ankati ndi malungo akuwayankhulitsa. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaionapo gemu ikuyaka. Amene ankadziwa yakale ija ndinali ine ndekha.

Ndinalumikiza mawaya. Ndinauzira m'kaseti monga ankachitira achimwene, ndinailowetsa, n'kuyatsa. Kanema anachita mchenga, kenako anayera.

Kanyimbo katangoyamba ndinadziwa. Kanali komwe kaja, osasintha ndi pang'ono pomwe. Kamunthu komwe kaja, kotuwa, pamalo pomwe paja, tizilombo tomwe tija tikubwera m'mene tinkabwerera. Ana anakuwa ndi chimwemwe, amalume anasendeza mpando kutsogolo. Ndinathamangitsa kamunthu ndikuyembekeza kuti mwina zatsopano zili kutsogolo. Ndinadutsa gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu, zala zikuyenda zokha. Sikanayankhule. Njinga kunalibe. Dzenje lililonse linali pamene ndinalisiya. Sindikudziwa ngati kaseti imene pepala lija linkanena inaliko kwinakwake, koma zimene achimwene ankalengeza pakhonde paja ndinadziwa tsopano kuti ankazipeka Loweruka lililonse, poyenda kuchokera kusitolo, kuti ana abwerenso sabata yamawa ndiponso kuti iwo akhale ndi chodzukira.

Mtima unandipsa. Ndinawakwiyira achimwene, munthu ali m'manda, chifukwa cha phewa la mwana wa eni ake limene ndinaluma, chifukwa cha zikwapu, chifukwa cha kugwada pakhomo pa mayi aang'ono. Ndinafuna kuti zithe msanga. M'gemu imeneyi kamunthu kakagwa m'dzenje katatu, masewera amatha, pakanema pamada, wina n'kutenga chogwirira. Ndiye ndinakalunjikitsa padzenje dala. Kanagwa, kanabwerera. Ndinakagwetsanso. Kachitatu ndinatsitsa manja kudikira mdima.

Kanabwereranso.

Ndinaganiza kuti ndawerenga molakwa. Ndinakagwetsa kachinayi, kachisanu. Kanyimbo ka kugwa kankalira, pakanema pankaphethira, kamunthu n'kuimanso poyambira ngati palibe chachitika. Amene anakopera kaseti ija anangosintha chinthu chimodzi chimenechi basi, chimene achimwene sanachitchulepo pamsonkhano uliwonse.

"Kakugwa koma sikakufa!" anakuwa msuweni wa mbewa uja.

"Tagwetsanso tione!"

Ndinagwetsa. Ana anayamba kuwerenga mokweza, khumi, khumi ndi chimodzi, akuwomba m'manja kakabwerera. Amalume ankaseka mpaka kutsokomola, ati azungu ndi anthu oopsa. Mayi aang'ono anati iwo ananena kale kuti zinthu zimenezi si zabwino, koma sanachoke pakhomo. Ine ndinkangokankhira kamunthu kudzenje, misozi ikutsikira m'khosi, ndipo mumdima muja panalibe anaona. Ndinkadana nako kamunthu kaja. Miyezi itatu yapitayo tinali titakwirira munthu kuseri kwa mudzi womwewo, kamodzi kokha, ndipo sanabwerere.

"Wasewera mokwanira, apatseko anzako," anatero abambo chapansipansi. Ndikuganiza kuti iwo okha ndiwo anamva kapumidwe kanga.

Ndinapereka chogwirira kwa amene anali pafupi n'kudzipanikiza kutuluka. Kunja dzuwa linandithobwa m'maso. Amayi anali atachoka pakhonde la agogo n'kudzaima pafupi ndi zenera lotchinga lija, manja kumbuyo, akumvetsera phokoso la m'nyumba. Sanafune kulowa. Atandiona anandiyandikira, n'kundipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo ngati kamwana.

"Yayaka?"

"Yayaka, amayi."

"Anthu akukuwa chiyani m'menemo?"

"Akukondwa."

Anayang'ana bulangete la pazenera, kenako ine.

"Tandiuza zoona, iwe ndiwe unkazidziwa. Ndi zimene ankanena zija?"

M'nyumba ana anakuwanso, kamunthu katabwerera kachingati kaya. Ndinali ndisanawanamizepo amayi pa chinthu chachikulu, ndipo yankho loona linali lokonzeka pakamwa panga, ndi ukali wake womwe.

"Ee, amayi," ndinatero. "Ndi zomwezo. Zonse zilimo."

Amayi anatulutsa mpweya wautali, mapewa awo n'kutsika.

"Ndinkadziwa ine," anatero. "Mwana wanga sanali wabodza. Tikabwerera ku Mitundu ukawauze onse aja."

Ndipo tinabwerera nawo limodzi sabata yomweyo, ndipo ndinakawauza.